HAMLET KUNSI KWA PHIRI LA SOCHE

Kwathu kuno munthu woyankhula yekha timamuopa. Mukakumana naye pa msewu wa ku Zingwangwa akuponya manja m'mwamba, akufunsa mafunso nadziyankha yekha, mumapatuka msanga, ndipo pofika kunyumba mumanena kuti uje mutu wayamba kusokonekera, kapena kuti alipo wamuchita chipongwe. Koma munthu yemweyo mukamukweza pa nsanja, mukamuveka zachifumu ndi kumutcha Hamlet, holo yonse imangoti zii, aphunzitsi natiuza kuti tikumva nzeru zakuya. Kusiyana kumeneku kwandivuta zaka zambiri, ndipo ndati ndikutuleni nkhawa yangayi inu anzanga alembi, popeza ndinu amene mumalemba masewero ndi ndakatulo mmene anthu amayankhula okha.

Mawu amene ndifuna kuzukuta ndi aja otchuka koposa onse, a m'gawo lachitatu, chigawo choyamba, cha sewero la Hamlet limene William Shakespeare analemba cha m'ma 1600. Sindiwabwereza pano, pakuti ambiri a inu munawaloweza kale pamtima. Ndingokumbutsa pamene nkhani yafika. Mfumu ya ku Denmark yamwalira. Mng'ono wake, Claudius, walowa ufumu, walowanso chokolo mkazi wa malemuyo, Gertrude, miyezi iwiri isanathe. Hamlet, mwana wa malemu, wabwera kumaliro kuchokera ku sukulu ya ukachenjede ya ku Wittenberg. Mzimu wa bambo ake wamuonekera usiku numuuza kuti anachita kuphedwa ndi mng'ono wawoyo, ndipo wamulamula kuti alipsire. Mnyamatayo wayamba kudzipengetsa dala. Pakutha pa gawo lachiwiri watchera msampha: wapangana ndi anthu a zisudzo kuti aonetse pamaso pa mfumu imfa yofanana ndi ya bambo ake, iye azikayang'ana nkhope ya Claudius. Tsono oonerera timayembekeza kuti akatulukiranso adzakhala ali wakupsa mtima ndi wokonzeka. M'malo mwake akulowa mwakachetechete nayamba kuika moyo ndi imfa pa sikelo.

Munthu akafuna kuganiza mawuwa m'Chichewa amapunthwa pakhomo pomwe, pa mneni woyamba. M'Chingerezi ndi kaliwu ka malembo awiri, kongotanthauza kupezeka m'dziko. Lathu ndi "kukhala", ndipo kukhala kwathu kwasenza katundu wambiri. Timakhala pansi, timakhala ku Chilobwe, timakhala ndi ana, ndipo munthu wosagwira ntchito timati akungokhala. Akatswiri akhala akutsutsana: ena amati Hamlet akuganiza zodzipha, ena amati akuganiza ngati nkoyenera kudzuka ndi kukantha mfumu, ngakhale kuteroko kungamuphetse. Chichewa chimanyamula mbali zonse ziwiri m'liwu limodzi, pakuti mnyamatayu akufunsa ngati apitirize kukhala moyo, komanso ngati apitirize kungokhala ntchito ili poyera. Koma pali china. M'chiyankhulo chathu munthu sakhala m'malere. Amakhala kwinakwake, ndi winawake. Ndipo zimenezi, malo ndi anthu, ndizo zikusowa m'mawu onsewa.

Tawerengani mizere yonse, pafupifupi 35. Palibe pamene akuti "ine" kufikira maso ake atagwera pa Ophelia kumapeto. Ponseponse akuti "ife", kapena kufunsa kuti "ndani". Satchula bambo ake, mayi ake, Claudius, mzimu uja, ngakhale msampha umene wangotchera kumene. Satchulanso Mulungu, chonsecho m'gawo loyamba, pamene anayamba kulakalaka imfa, anatchula lamulo la Mulungu loletsa munthu kudzipha. Apa wachotsa zonse, watsala ndi funso lopanda mwini, longa la pa mayeso a ku Wittenberg. Komabe kayendedwe ka mizere kakumuulula. Mzere wa Shakespeare kawirikawiri umakhala ndi maphatikizo 10, koma inayi yoyamba ya mawuwa ili ndi 11 uliwonse, lotsirizalo lili lofooka, lokokera m'mbuyo ngati phazi la munthu wotsimphina.

Pakati pa mawuwa pali mndandanda wa zowawa za moyo, ndipo mndandandawu ngwodabwitsa, chifukwa zambiri mwa izo si za mwana wa mfumu. Muli munthu woponderezedwa, muli mlandu wosatha kuzengedwa, muli kalaliki wamwano, muli wosenza katundu thukuta lili kamukamu. Kodi Hamlet anaimapo pa mzere wa ofesi kuyambira m'mawa, dzuwa n'kupendeka, kenaka n'kuuzidwa kuti abwere mawa? Amene amazidziwa zimenezi ndi anyamata osenza matumba pa msika wa Limbe, ndi amayi otsika m'phiri mtolo wa nkhuni uli pamutu tambala asanalire kachitatu. Ine ndimaona kuti apa mlembi wabwereka pakamwa pa mwana wa mfumu kuti anene za anthu wamba amene ankaimirira pansi m'bwalo lake la zisudzo ku London. Buku loyamba kusindikizidwa la seweroli, la mu 1603, likuchitira umboni mwa njira yake. Mmenemo mawuwa ndi aafupi ndi osasalala, ndipo akutchula mkazi wamasiye, mwana wamasiye, njala, ulamuliro wankhanza, ndi Woweruza amene akudikira kutsidya kwa imfa. Amene timaloweza ife ndi a m'mabuku a 1604 ndi 1623. Akatswiri ambiri amaganiza kuti buku la 1603 linalembedwa kuchokera m'mutu mwa wosewera wina. Ngati zili choncho, ndiye kuti munthu wamba, pamene chikumbumtima cha mizere chinamuthera, anadzaza mipatayo ndi njala ndi umasiye, mavuto amene ankawadziwa.

Tsono ndifike pa mfundo imene ndimaiona yaikulu. Timati Hamlet akuyankhula yekha, koma pa nsanjapo sali yekha. Ophelia ali pomwepo ndi buku m'manja, waikidwa ngati nyambo. Claudius ndi Polonius abisala chapafupi, makutu ali tcheru. Anzake a ubwana, Rosencrantz ndi Guildenstern, anaitanidwa kale kudzamufufuza mtima ndi kukanena kwa mfumu. Kaya Hamlet akudziwa kuti akumvetseredwa kaya sakudziwa, wakhala m'nyumba ya akazitape nthawi yokwanira kuti lilime lake lizolowere kusatchula dzina. Mfumu itamvetsera zonse za m'chigawochi ikugamula kuti mnyamatayo si wamisala wamba, ndipo atumizidwe ku England msanga. Wamisala anaona nkhondo, ndipo mfumu yadziwa.

Kuyankhula kotereku ife tili nako, koma sikukhala pa nsanja ayi, kumakhala pamtondo. Mayi akamasinja amaimba ngati akudziimbira yekha, kudandaula za mwamuna wina wosatchulidwa dzina amene amathera ndalama ku mowa, kapena za mpongozi wina wa lilime lakuthwa. Mwamunayo ali pakhonde akusema mpini, ndipo wamva. Sangamuzenge mlandu mkazi wake, pakuti nyimbo ilibe mwini. Ndikamawerenga Hamlet ndimamva munsi ukugunda: dandaulo la aliyense, loimbidwa pamene wolakwa angamve.

Alembi a dziko lino anaiphunzira njira imeneyi mokakamizidwa. Bwalo la alembi la koleji ya Chancellor linayamba mu 1970, koleji idakali ku Chichiri moyang'anana ndi phiri la Soche lomweli, isanasamukire ku Zomba mu 1973. Lamulo lounika mabuku ndi masewero linali litakhazikitsidwa kale mu 1968. Motero alakatuli anasiya kunena "ine" ndi "uje", nayamba kunena za bilimankhwe, za dzenje la Chingwe, za Napolo. Steve Chimombo anamanga ndakatulo zake zambiri pa Napolo, ndipo Jack Mapanje anatulutsa Of Chameleons and Gods mu 1981. Koma monga Claudius, obisala kuseri anamva ndithu. Mapanje anamangidwa mu Seputembala 1987 nakhala ku Mikuyu kufikira Meyi 1991, osazengedwa mlandu uliwonse. M'gawo loyamba la sewero Claudius akudzudzula Hamlet kuti wanyanya kulira bambo ake. Amene anaona chaka cha 1983, pamene Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto, anthu n'kumaopa ngakhale kukakhuza maliro awo, safuna mphunzitsi wowamasulira chigawo chimenecho.

Tibwerere ku imfa yeniyeniyo. Maganizo a Hamlet akuyenda masitepe anayi. Poyamba akufanizira imfa ndi tulo, ndipo kwa munthu wotopa tulo n'tokoma. Kenaka fanizo lake lomwe likumutembenukira, pakuti m'tulo muli maloto, ndipo palibe amasankha cholota. Chachitatu, imfa yasanduka dziko lachilendo limene opitako sabwera kudzasimba. Pomaliza akugamula kuti n'kuopa dziko limenelo kumene kumatipiriritsa, ndi kuti kuganiza kumafooketsa dzanja. Liwu limene akugwiritsa pamenepa linkatanthauza zinthu ziwiri m'masiku a Shakespeare, chikumbumtima ndiponso kulingalira, kotero sitingathe kunena ngati chikumugwira dzanja ndi kuopa tchimo kapena kuchuluka kwa maganizo.

Ife timati munthu wagona, watsogola, watsikira kuli chete. Koma palibe Mchewa amene amakhulupirira kuti kumeneko n'kotseka. Maloto amene Hamlet akuwaopa ndiwo khomo limene malemu athu amalowera. Agogo akabwera kutulo n'kudandaula kuti tawaiwala, m'mawa akuluakulu amakhala pansi n'kukonza zophika mowa. Gule amatuluka kumanda n'kudzavina pabwalo dzuwa likuswa mtengo. Dzina la womwalira limalowedwa ndi wamoyo. Ngakhale m'sewero lomwelo alipo wabwerako, bambo ake omwe, ndipo owerenga akhala akufunsa kuti mnyamatayu waiwala bwanji msanga. Yankho lili kumapeto kwa gawo lachiwiri, pamene akukayika kuti mwina chimene anaona chinali chiwanda chovala nkhope ya bambo ake. Laura Bohannan anasimba mu 1966 kuti atafotokozera nthano ya Hamlet akuluakulu a mtundu wa Tiv ku Nigeria, iwo anati chimene chinaonekacho chinatumidwa ndi mfiti, ndipo mnyamatayo akanapita nayo nkhaniyo kwa akuluakulu. Ndikuganiza kuti agogo anga akananena chimodzimodzi: maloto a malemu samasulira mwana payekha.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi mawu otchukawa, ngakhale ndimawalemekeza. Pa sikelo ya Hamlet, mbali ya moyo ilibe kanthu kena koma mantha. Mulibe mayi, mulibe bwenzi, mulibe mwana wofuna phala. Tayerekezani ndi Yobu. M'mutu 3 wa buku lake, Yobu akutemberera tsiku limene anabadwa ndi kulakalaka manda mowawa mtima koposa Hamlet. Koma asanatsegule pakamwa, anzake atatu akhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osanena kanthu. Pambuyo pake anayankhula zopweteka, inde, koma Yobu anali ndi anthu okangana nawo, ndipo munthu amene akukangana sanathe. Hamlet ali ndi omumvetsera atatu, ndipo palibe mmodzi amene wabwera kudzakhala naye pansi. Kalikokha n'kanyama. Taonani zimene akuchita akangotseka pakamwa: akutembenukira Ophelia ndi mawu ankhanza, ngati galu wovulala woluma dzanja lomusisita.

Zimenezi ndinazimvetsa bwino mu Malichi 2023. Usiku wa pa 12 kuchera pa 13, mvula ya namondwe Freddy itagwa masiku angapo osalekeza, phiri la Soche linang'ambika, matope ndi miyala n'kutsikira pa nyumba za ku Chilobwe ndi ku Manja. Ambiri anati Napolo wadutsa, monga ananenera a ku Zomba mu Disembala 1946. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo boma linalengeza masiku 14 olira. Pa sukulu ina imene anthu anathawirako ndinapeza mmisiri wa matabwa amene ndinamudziwa kwa zaka zambiri. Mkazi wake ndi ana awiri anapita ndi matope, kunatsala kamtsikana kamodzi kamene usikuwo kanagona kwa azakhali ake. Bamboyo sankalira. Anakhala pa desiki ya ana, maso ali kuphiri, akuyankhula motsitsa mawu osayang'ana munthu. Ankafunsa kuti kodi munthu amavutikiranji kudzuka m'mawa, kuti kodi amene agona pansi pa matope si ndiwo apumula. Sanati "ine" ngakhale kamodzi. Sanatchule mkazi wake kapena ana. Munthuyu sanawerengepo Shakespeare, koma tsitsi langa linaima, pakuti ndinazindikira kamangidwe ka mawuwo. Ndinadziwa tsiku limenelo kuti kusowa kwa "ine" si luso la mlembi chabe: chisoni chikakula kwambiri mwini wake amalephera kuchitchula kuti n'chake.

Amuna tinali pamenepo tinangoti kakasi. Anasuntha ndi mayi wina wachikulire amene ankasonkha moto panja. Sanamutsutse, sanamulalikire. Anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi ake nthawi yaitali ndithu, kenaka anati, "Bambo, nkhuni zija n'zazikulu, ife zatikanika. Tiwazireni, mwana wanu sanadye." Bamboyo anakhala kanthawi, nanyamuka, natenga nkhwangwa. Sindikunena kuti nkhwangwa inachiza mtima wake. Usiku umenewo ndi mausiku ena ambiri achimwene ake sanamusiye yekha, ndipo pambuyo pake anapita naye kuchipatala kukaonana ndi odziwa za matenda a maganizo. Lero akupala matabwa, ndipo masiku ena amakhalabe chete maso ali kuphiri. Koma mayi uja anaika pa sikelo chinthu chimene Hamlet analibe: munthu wamoyo wofuna kanthu kwa iye.

Tisadzitame msanga, abale. Mwambo wathu womwewo umene umadziwa kukhala pansi ndi wofedwa umachita nkhanza kwa amene wagonja. M'midzi yambiri maliro a munthu wodzipha amathamangitsidwa, mtembo osalowa m'nyumba, ndipo mipingo ina siyimba. Mwamuna akanena kuti mtima wamulemera timamuuza kuti alimbe, mwamuna salira, ndipo akayamba kuyankhula yekha pa msewu timapatuka. Shakespeare ankaudziwa mtima umenewu. M'gawo lachisanu wansembe akudula mwambo wa maliro a Ophelia chifukwa imfa yake njokayikitsa, ndipo adzukulu okumba manda akunena mosabisa kuti akanakhala mwana wa munthu wamba sakanaikidwa mwachikhristu n'komwe. Ophelia nayenso anayamba wayankhula ndi kuimba yekha pamaso pa anthu, onse n'kumangomuyang'ana. Mwa anthu 8 amene akufa m'seweroli, iye ndiye amandiwawa koposa, chifukwa dandaulo lake linamveka ndipo palibe analiyankha.

Kodi tsono funso la m'gawo lachitatu likuyankhidwa pena? Ine ndimati inde, koma woyankha ndi Hamlet yemwe, ndipo akuyankhira munthu wina. Kumapeto, poizoni atamulowa m'thupi, bwenzi lake Horatio akufuna kumwa zotsala m'chikho kuti atsagane naye. Hamlet, ndi mphamvu zake zotsiriza, akumulanda chikhocho namupempha kuti apirire, atsale, akasimbe nkhani yake molondola. Uyu ndi munthu yemwe uja amene sanapeze chifukwa chokhalira moyo koma mantha. Tsopano wapeza china, ndipo wachipeza pamene moyo umene uli pa sikelo ndi wa mnzake. Wamupatsa Horatio ntchito, monga mayi uja anaperekera nkhwangwa. Dziwaninso kuti pamene ankayankhula mawu otchuka aja Horatio panalibe. Ndimadzifunsa kuti akanakhalapo, kodi mizere ija ikanafika 35?

Ntchito ya Horatio ndiyo yathu. Mapanje atatuluka ku Mikuyu analemba The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison mu 1993 ndi And Crocodiles Are Hungry at Night mu 2011, ndipo mmenemo anatha kunena "ine" ndi kutchula mayina a amene anavutika nawo. Za Chilobwe ndi Manja sizinalembedwe mokwanira, ndipo udzu wamera kale pa zipsera za phiri. Pempho langa kwa inu amene mukulemba masewero ndi ili. Mukafuna kuimika munthu pa nsanja kuti ayeze moyo ndi imfa, musakopere mwana wa mfumu ya ku Denmark ndi chigaza m'manja. Mverani mmene anthu athu amayankhulira chisoni chikawapyola, mmene amazembera dzina lawo lomwe, mmene amabisalira m'mwambi ndi m'nyimbo. Ndipo musanalembe mzere woyamba, dziwani amene ali pafupi akumva, ngati ndi kazitape, ngati ndi nyambo, kapena ngati ndi munthu amene adzakhala pansi. Seweroli lidzakhala la chisoni kapena la chipulumutso malinga ndi munthu ameneyo.